Kalata yotseguka kwa atsogoleri a ku London ndi ku Edinburgh: ukwati wa 1707 ulibe ankhoswe

Olemekezeka Nduna Yaikulu ya dziko la United Kingdom,
Olemekezeka Nduna Yoyamba ya boma la Scotland,

Ndikupatsani moni ndi ulemu wonse woyenera mipando yanu. Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi mabanja anu. Kuno nafenso tadzuka, kungoti mphepo yatipha.

Ine ndine mayi wa ku Malawi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakhala kuno ku Scotland kuyambira 2006. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba: ndimawasambitsa, kuwadyetsa, kuwamwetsa mankhwala, ndipo usiku ndimawatembenuza kuti asachite zilonda za pabedi. Msonkho ndimakhoma mwezi ndi mwezi. Voti ndimaponya, chifukwa lamulo lanu limalola nzika ya dziko la mu Commonwealth yokhala kuno movomerezeka kutero. Choncho musandione ngati wodutsa m'njira amene walowerera mlandu wa eni mudzi. Ana anga anabadwira konkuno, ndipo akamayankhula Chingerezi chawo cha ku Glasgow ngakhale ine mayi wawo ndimachita kutchera khutu kawiri.

Kalatayi ndailemba m'Chichewa dala. Anthu a ku Scotland anafika kwathu kale, anatcha mzinda wathu waukulu dzina la Blantyre, kamudzi komwe kunabadwira David Livingstone, ndipo m'busa wawo David Clement Scott anakhala pansi n'kulemba dikishonale ya Chimang'anja yomwe inatuluka mu 1892. Ngati makolo anu anatha kuphunzira chiyankhulo chathu opanda kompyuta, inu simungasowe womasulira. Komanso ndikufuna anzanga a ku Edinburgh, Aberdeen, Manchester, Leeds ndi a kumudzi amve nawo, chifukwa nkhaniyi timaikamba m'makhitchini ndi m'magulu a WhatsApp basi, ngati kuti ndi ya eni ake okha.

Chandilembetsa ndi ichi. Pa 23 Novembala 2022 khoti lalikulu la dziko lino linagamula kuti Nyumba ya Malamulo ya Scotland, ya ku Holyrood mu Edinburgh, ilibe mphamvu yoitanitsa riferendamu ya ufulu wodzilamulira wa Scotland popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, ya ku Westminster mu London. Oweruza sindikuwaimba mlandu. Anawerenga lamulo la Scotland Act la 1998 n'kunena zomwe linalembedwa. Koma kuchokera tsiku limenelo funso limodzi lakhala lili lendelende: ngati mgwirizano wa England ndi Scotland wa mu 1707 ndi wodzifunira, monga atsogoleri a ku London amanenera, khomo lotulukira lili kuti, ndipo kiyi wake amaperekedwa zitatani? Ku London kuli zii. Ku Edinburgh kuli phokoso. Pakati pa zii ndi phokosolo pali ife, okhala ndi mapepala amene mphamvu yake imadalira kuti dziko lino ndi limodzi kapena awiri.

Ndiyambe ndi inu, bwana a ku London.

Pa 18 Sepitembala 2014 ndinaweruka ntchito ya usiku n'kupita molunjika kukaponya voti pa riferendamu yofunsa ngati Scotland ichoke mu United Kingdom, yunifolomu ili m'thupi. Pamzere panali ana asukulu a zaka 16, panali agogo oyenda ndi ndodo. Pafupifupi anthu 85 pa 100 alionse olembetsa anavota tsiku limenelo. 55 anati tikhalebe limodzi, 45 anati tichoke. Palibe anagenda mnzake mwala. Zinatheka motero chifukwa zaka ziwiri m'mbuyo mwake, pa 15 Okutobala 2012, David Cameron ndi Alex Salmond, omwe anali pa mipando yanuyi nthawi imeneyo, anasainirana pangano ku Edinburgh, London n'kubwereka Holyrood mphamvu kudzera mu gawo 30 la lamulo lija. Ndinaimbira foni mayi anga usiku womwewo kuwauza kuti ndaona anthu akukambirana zothetsa ukwati wa zaka 307 popanda kuswa mbale ngakhale imodzi.

Sindibisa, ine ndinali m'gulu la 55. Ndinkaopa za chitupa changa, komanso tinauzidwa mobwerezabwereza kuti njira yokhalabe mu European Union (EU) ndi kukhala mu United Kingdom. Sipanathe zaka ziwiri. Pa 23 Juni 2016 anthu 62 pa 100 alionse ovota kuno ku Scotland anati tikhalebe mu EU, ndipo mwa maboma ang'onoang'ono 32 a kuno palibe ngakhale limodzi lomwe linasankha kutuluka. Koma tinatuluka, pa 31 Januwale 2020. Kuntchito kwathu ndinaona anzathu a ku Poland ndi ku Romania akulongedza mmodzimmodzi, ife otsala n'kumagwira mashifiti a anthu awiri. Wina anganene kuti voti ya 2016 inali ya dziko lonse, ndipo akunena zoona. Koma sangakane kuti chomwe tinagula mu 2014 si chomwe chili m'thumba lathu lero.

Chiyambireni, yankho la ku London lakhala limodzimodzi ngakhale nkhope zikusintha. Mu Malichi 2017 Nduna Yaikulu Theresa May anati ino si nthawi ya riferendamu ina. Mu Januwale 2020 wolowa m'malo mwake, Boris Johnson, anakana m'kalata. Obwera pambuyo pawo sanasinthe nyimbo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analemba m'lamulo kuti nthawi yakeyo idzadziwika ndi chiyani. Kodi ndi zaka zingati? Ndi mipando ingati ya ku Holyrood? Ndi kafukufuku wangati wosonyeza kuti anthu ambiri akufuna? Munthu wokana amalemekezeka akanena chifukwa ndi malire a kukana kwakeko. Wongoti "bwerani mawa" tsiku lililonse, kwathu timamudziwa. Timakumana naye m'maofesi, ndipo sitimutcha wanzeru.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo lotere mulinalo kale m'nyumba mwanu momwemo. Pangano la Lachisanu Loyera la mu 1998, lomwe linabweretsa mtendere ku Northern Ireland, linalemba poyera kuti nduna yoona za Northern Ireland iyenera kuitanitsa voti ikaona kuti zikuoneka kuti anthu ambiri angasankhe kuphatikizana ndi Ireland, ndipo voti yotero singabwerezedwe zisanathe zaka 7. Kumeneko anthu pafupifupi 3,500 anafa mgwirizanowo usanafike. Bwana, mukufuna ana a ku Scotland aphunzirepo chiyani pamenepa? Kuti amene anakhetsa magazi analandira lamulo lolembedwa, pomwe amene amangoponya voti mwamtendere amalandira "si nthawi yake"? Ndikudziwa kuti si zimene mukutanthauza, koma ndi zimene zikumveka.

Canada inadutsamo. Mu 1995 anthu a ku Quebec anatsala pang'onong'ono kuchoka, kusiyana kwake sikunafike ngakhale mavoti awiri pa 100. Boma silinatseke makutu. Linafunsa khoti lalikulu, lomwe mu 1998 linati chigawo sichingachoke pachokha koma dziko liyenera kukambirana nacho ngati anthu ambiri ayankha momveka funso lomveka, ndipo mu 2000 anakhazikitsa lamulo lofotokoza zimenezi. Mpaka lero Quebec ali mu Canada. Spain inasankha njira ina: pa 1 Okutobala 2017 dziko lonse linaona apolisi akukoka anthu m'malo ovotera ku Catalonia, ndipo mu 2019 atsogoleri ena anagamulidwa kukakhala kundende zaka 9 mpaka 13. Sindikuti kuno kufika pamenepo. Ndikungoti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwathu ukwati umakhala ndi ankhoswe, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Ntchito yawo si kuvina pa tsiku la chinkhoswe pokha ayi. Banja likagwedezeka, amakhala pansi. Likafika posudzulana, ndi iwo amene amanena kuti mbale izi zipita uku, mbuzi izi zitsala kuno, ana adzaleredwa motere. Ndipo kukhalapo kwa ankhoswe sikuthetsa mabanja. Kumawalimbitsa, chifukwa mkazi wodziwa kuti ali ndi kokadandaula sathawa usiku. Ukwati wanu wa 1707 ulibe ankhoswe. Mwamuna ndi yemweyo, nkhoswe ndi yemweyo, wosunga kiyi wa pakhomo ndi yemweyonso.

Mwina mukudabwa kuti mayi wosambitsa okalamba akudziwa chiyani za migwirizano ya mayiko. Ife Amalawi tinabadwira m'mabwinja a mgwirizano wotere, ndipo amene anaumanga ndi boma lanu lomwelo la ku London. Mu 1953 munamanga pamodzi Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland (lero Zimbabwe, Zambia ndi Malawi), chomwe makolo athu ankachitcha chitaganya. Mafumu athu anakana, ena anafika mpaka ku London kukadandaula, koma sanamvedwe. Mfumu ya kwathu ku Ntcheu, Inkosi ya Makosi Philip Gomani, inachotsedwa pampando chaka chomwecho chifukwa cholimbikitsa anthu ake kukana, ndipo inamwalira chaka chotsatira. Likulu linali ku Salisbury (lero Harare), ndalama za kopa wa ku Northern Rhodesia zinkathera kummwera, ife tinali nkhokwe ya anthu aganyu. Ankatiuza kuti chitaganya n'chabwino pa chuma, ndipo misewu ndi zipatala zina zinamangidwadi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso la anthu linali loti anatifunsa ndani.

Pomwe khomo linatsekedwa, anthu anayamba kugogoda ndi miyala. Pa 3 Malichi 1959 boma linalengeza za ngozi m'dziko, Dr Kamuzu Banda anatengedwa m'bandakucha n'kukatsekeredwa ku Gwelo ku Southern Rhodesia, ndipo tsiku lomwelo ku Nkhata Bay asilikali anawombera anthu omwe anasonkhana padoko pomwe sitima ya Mpasa inali ndi akaidi. Osachepera 20 anafa. Woweruza wanu yemwe, Patrick Devlin, atafufuza analemba kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Mukudziwa amene anaima nafe nthawi imeneyo? Mpingo wa Church of Scotland. Msonkhano wake waukulu wa mu 1959 unayankhula mokweza kuti anthu akuda a ku Nyasaland amvedwe. Ndiye mukaona Mmalawi akumvera chisoni anthu a ku Scotland pa nkhani yofunsidwa maganizo, musadabwe. Ndi ngongole yakale. Pamapeto pake London inavomera mu Disembala 1962 kuti Nyasaland ikhoza kuchoka, ndipo chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Chomwe chikanatheka pa tebulo mu 1953 chinatheka patapita zaka khumi, manda atadzaza.

Sindikufanizira Scotland ndi dziko la atsamunda. Kutero kungakhale kunyoza akufa athu komanso kunama, pakuti anthu a ku Scotland anali nawo m'gulu la olamulira ufumu wa Britain, ndipo lero ali ndi aphungu awo ku Westminster ndi nyumba yawo ya malamulo kuyambira 1999. Chomwe ndikufanizira ndi khalidwe lokhulupirira kuti funso ukalinyalanyaza limafa lokha.

Ndikumbutseninso za 1992. Mu Malichi chaka chimenecho maepiskopi a Katolika analemba kalata yomwe inawerengedwa m'matchalitchi onse, ndipo mu Meyi mayiko othandiza, Britain ali momwemo, anaimitsa thandizo lina kuti boma la Malawi limvere anthu. Kamuzu, yemwe anaphunzira udokotala ku Edinburgh ndipo ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo wa ku Scotland, anagonja n'kuitanitsa riferendamu. Pa 14 Juni 1993 mayi anga anasankha nyali, kusiya tambala wakuda. Munatiphunzitsa ndinu kuti mtsogoleri saopa kufunsa anthu ake. Phunzirolo tinalisunga, ndipo lero tabwera nalo kwa aphunzitsi.

Tsopano kwa inu, bwana a ku Edinburgh. Musaganize kuti poti ndadzudzula a ku London ndiye kuti ndavala nsalu ya chipani chanu cha SNP, chofuna kuti Scotland idzilamulire.

Walira mvula walira matope. Mwatiuza zambiri za mvula, koma za matope mumadumpha. Tiyambe ndi ndalama. Mu 2014 boma la Scotland linati lidzagwiritsa ntchito paundi mogwirizana ndi London; nduna ya zachuma ya ku London nthawi imeneyo, George Osborne, anabwera ku Edinburgh mu Febuluwale chaka chomwecho n'kukana poyera. Mu Okutobala 2022 munatulutsa chikalata chonena kuti mudzayamba ndi paundi ya Britain kenako n'kupanga yanuyanu nthawi ikadzakwana. Taonani, nanunso muli ndi "nthawi ikadzakwana" yanu. Ife nkhani ya ndalama sitiimva ngati ya m'mabuku. Chitaganya chitatha tinasiya paundi yake n'kukhala ndi paundi ya Malawi, mu 1971 kunabwera kwacha, ndipo mu Novembala 2023 tinagona n'kudzuka kwacha itagwa ndi 44 pa 100. Ndalama yomwe ndimatumiza kumudzi imalipira fizi ya ana atatu a mchemwali wanga ndi feteleza wa mayi anga. Ndikufuna kudziwa kuti malipiro anga adzakhala mu ndalama yanji, ngongole ya nyumba ndidzabweza mu ndalama yanji, ndipo ziwirizi zikadzasiyana mphamvu adzalipira kusiyanako ndani.

Za malire nazonso. Mukufuna kubwerera mu EU, pomwe England ili kunja. Ndiye kuti mzere wa makilomita pafupifupi 150 wochokera ku Gretna kukafika kufupi ndi Berwick udzakhala malire a EU, pomwe katundu wambiri amene Scotland imagulitsa kunja kwake, pafupifupi magawo 6 pa 10, amapita ku England, Wales ndi Northern Ireland. Tinaona momwe nkhani ya katundu wolowa ku Northern Ireland inavutira mpaka pangano la Windsor la mu 2023. Ife boda timaidziwa. Tinaimapo ku Mwanza, ku Dedza, ku Mchinji, malole atandanda mtunda wonse. Achewa ali m'mayiko atatu pansi pa Kalonga Gawa Undi mmodzi, koma popita ku Kulamba ku Katete amayenera kudindidwa chitupa kuti akaone mfumu yawo. Mnzanga wina amakhala ku Dumfries kuno ku Scotland koma amagwira ntchito ku Carlisle ku England. Muuzeni zoona: adzadutsa bwanji, ndipo viza yake idzakhala ya dziko liti?

Palinso mawu aja akuti voti ya 2014 inali mwayi wobwera kamodzi pa mbadwo. Ananenedwa ndi atsogoleri a chipani chanu. Mukhoza kunena kuti kutuluka mu EU kuja kunasintha zinthu, ndipo ine ndavomereza kale pamwambapa. Koma nenani poyera kuti voti yachiwiri ikadzakukanani, yachitatu idzadikira zaka zingati. Anthu 55 aja nawonso ndi anthu. Sangamakhale chikwama chili pakhomo moyo wawo wonse. Tinalonjezedwa voti ya pa 19 Okutobala 2023 yomwe sinachitike. Tinauzidwa kuti chisankho wamba chidzakhala ngati riferendamu, kenako nkhaniyo inazilala. Mu 2015 munapeza mipando 56 mwa 59 ya ku Westminster, mu 2024 munatsala ndi 9, komabe kafukufuku akusonyeza kuti dziko lagawanika pafupifupi pakati. Zikutanthauza kuti anthu ambiri akufunabe ufuluwo koma atopa ndi oulalikira.

Atopa chifukwa ntchito zomwe zili kale m'manja mwanu zikutsimphina. Sitima ziwiri za anthu a kuzilumba, Glen Sannox ndi Glen Rosa, zinaodedwa mu 2015 pa mtengo wa mapaundi 97 miliyoni kuti zifike mu 2018. Yoyamba inayamba kunyamula anthu mu Januwale 2025, ndalama zitapitirira katatu konse. Mu 2020 anthu 1,339 anafa ndi mankhwala ozunguza bongo kuno ku Scotland. Ena mwa okalamba omwe ndimawasamalira anaika m'manda adzukulu awo. Pofuna kupatsidwa munda waukulu, munthu amayamba waonetsa kuti kadimba kake n'kopalira.

Koma chomwe chimandisowetsa tulo kwenikweni, mabwana nonse awiri, ndi nkhani ya malume anga.

Agogo anga aamuna anapita ku Rhodesia ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu aganyu, m'zaka za chitaganya, kukalima fodya pafamu ya mzungu. Sanaone ngati akupita kunja, pakuti boma linali limodzi, ndalama imodzi, ndipo panali ngakhale unzika wa chitaganya. Anachona. Malume anabadwira pafamupo, anakulira pomwepo, Chishona chili pakamwa ngati mwini dziko. Akuluakulu atakumana ku Victoria Falls mu 1963 kuti agawane katundu wa chitaganya, anakambirana za ngongole, za njanji, za damu la Kariba, za asilikali. Ndege zankhondo zambiri zinapita kwa azungu a ku Southern Rhodesia, omwe patangotha zaka ziwiri anadzilengeza okha kuti ndi dziko. Za anthu onga agogo anga, tsogolo lawo linasiyidwa m'manja mwa maboma obwera. Mabalawo anatulukira patapita zaka pafupifupi 40. Mu 2000 mafamu analandidwa, antchito n'kubalalika. Mu 2001 Zimbabwe inasintha lamulo la unzika, n'kulamula kuti aliyense amene angakhale ndi unzika wa dziko lina kudzera mwa makolo aukane m'miyezi 6, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Malume akanakana bwanji unzika wa Malawi womwe sanakhale nawo, dziko lomwe sanaliponde n'komwe? Chitupa chawo chinkanena kuti ndi mlendo. Kuvota anawakaniza. Kwathu nako analibe dzina m'kaundula wa mfumu. Malamulo atsopano a Zimbabwe a mu 2013 anakonza zina mwa izi, koma malume anali atatsikira kale kulichete, mlendo m'dziko lomwe munakwiriridwa mchombo wawo.

Musanene kuti zimenezo ndi za ku Africa. Mu 2018 dziko lino linadzidzimuka ndi nkhani ya anthu a Windrush, omwe anabwera kuchokera ku Jamaica ndi zilumba zina ali nzika za ufumu wa Britain, nagwira ntchito moyo wawo wonse, kenako n'kuuzidwa kuti alibe umboni woti ali kuno movomerezeka. Makadi olembedwa tsiku lomwe anafika anawonongedwa mu 2010. Ena anachotsedwa ntchito, ena anakanizidwa chithandizo cha kuchipatala, ena anathamangitsidwa, mpaka nduna Amber Rudd inatula pansi udindo. Apo dziko silinagawanike n'komwe, linangosintha malamulo. Nanga likadzagawanika?

Mapepala athu onse amachokera ku London, pakuti nkhani yolowa ndi kutuluka m'dziko sinaperekedwe ku Holyrood. Ndipo pansi pakugwedezeka kale. Mu 2022 munatsegula viza ya osamalira okalamba, abale athu ambiri anagulitsa minda ndi ng'ombe kuti abwere. Kuyambira pa 11 Malichi 2024 obwera kumene analetsedwa kubwera ndi amuna awo, akazi awo kapena ana. Mu Julayi 2025 khomolo linatsekedwa kwa ofunsira ali kunja, ndipo chikalata cha boma cha mu Meyi 2025 chinakamba zokweza zaka zodikira chilolezo chokhazikika kuchoka pa 5 kufika pa 10. Izi zikuchitika pomwe kuno ku Scotland omwalira akhala akuposa obadwa kwa zaka zingapo, ndipo boma la Edinburgh litapempha viza yakeyake mu Januwale 2020 linakanidwa nthawi yomweyo. Mtsikana wina wa kwathu yemwe ndimagwira naye ntchito anasiya mwana wa zaka zitatu kwa agogo ake. Amawerenga zaka pa zala. Anandifunsa usiku wina tikupinda mabulangete kuti, "Anti, dziko likadzagawanika ndili pa chaka chachisanu ndi chiwiri, zaka zangazi adzaziwerenga ndani?" Ndinalibe yankho. Penshoni nayo chimodzimodzi: ndakhala ndikudulidwa ndalama kuyambira 2006, ndipo mayankho a funso loti adzalipira ndani akhala akusinthasintha. Kale lomwe, wobwerera kukakalambira ku Malawi penshoni yake ya boma imauma pomwe inaliri, siikwera chaka ndi chaka monga ya wotsala kuno.

Za kumudzi ndingonena mwachidule. Mu Novembala 2005 Jack McConnell, Nduna Yoyamba ya Scotland nthawi imeneyo, ndi Bingu wa Mutharika anasainirana pangano la ubale wa Scotland ndi Malawi, ndipo masukulu, mipingo ndi zipatala zambiri zili pa ubale umenewu. Koma thumba lalikulu la thandizo lili ku London, komwe linatsitsidwa kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 pa 100 ya chuma cha dziko mu 2021, ndipo mu Febuluwale 2025 kunalengezedwa kuti lidzafika pa 0.3 pofika 2027. Dzina la Malawi limamveka kawirikawiri mukamakangana za amene ali ndi mtima wabwino kuposa mnzake. Chonde musatisandutse ndodo yomenyerana.

Zopempha zanga ndi izi.

1. Boma la ku London lilembe m'lamulo, osati m'mawu a pa wailesi, zoyenera kuchitika kuti Scotland iloledwe kuvotanso, komanso zaka zoyenera kudutsa pakati pa voti ndi inzake, monga zilili ku Northern Ireland. Zikhale zovuta ngati mukufuna, koma zikhale zolembedwa, ndipo zikhudzenso Wales.

2. Maboma onse awiri asankhe ankhoswe: bungwe loima palokha, lomwe mbali zonse zalivomereza, loti liziweruza ngati zoyenerazo zakwaniritsidwa, kuti kiyi asamakhale m'thumba la munthu mmodzi.

3. Boma la ku Edinburgh litulutse mayankho okhala ndi manambala ndi masiku pa za ndalama, malire, ngongole ya dziko ndi penshoni, owunikidwa ndi akatswiri omwe si a chipani, ndipo linene poyera kuti lidzalemekeza kwa zaka zingati yankho loti ayi.

4. Musanatchule tsiku la voti iliyonse, sainiranani pangano loti munthu aliyense wokhala kuno movomerezeka sadzataya chilolezo chake, zaka zomwe wadikira zidzawerengedwa mbali zonse ziwiri za malire, ndipo mwana wobadwira kuno sadzakhala wopanda dziko. Ili ndilo pempho langa lalikulu. Silifuna kuti wina agonje pa mkangano wanu, ndipo mukhoza kulichita chaka chino.

5. Zolembedwa zonse za anthu obwera zisungidwe, ndipo aliyense apatsidwe chikalata chogwirika m'manja. Chilolezo chongokhala pa intaneti sichitipatsa tulo, ife amene tinamva za makadi a Windrush.

6. Pokambirana zonsezi muitane nafenso, osamalira okalamba, anamwino, oyendetsa mabasi, otsuka m'zipatala. Lamulo la Scotland la mu 2020 linapatsa voti, pa zisankho za ku Scotland, nzika za mayiko onse zokhala kuno movomerezeka; wopatsidwa voti apatsidwenso mpando pa bwalo.

Pepani ngati pena ndalankhula mopyola msinkhu wanga. Gogo wina yemwe ndimamusamalira, wa zaka zoposa 90, ali ndi mbendera ya buluu ya Scotland pawindo lake. Wa chipinda choyandikana naye ali ndi chithunzi cha malemu Mfumukazi pamwamba pa bedi. Amakangana za nkhaniyi pa tiyi pafupifupi tsiku lililonse, ndipo akatopa onse awiri amatembenukira kwa ine kuti ndiweruze. Ndimawauza kuti ndalembera eni ake, tikudikira yankho. Lolemba ndili pa shifiti ya usiku, ndipo ndikudziwa kuti adzandifunsa ngati mwayankha.

Ine wanu mwaulemu,
Mayi wa ku Ntcheu, wosamalira okalamba kufupi ndi Glasgow